Momwe mungatchere alamu ya kutentha pa firiji ndi firiza kuti ikudzutseni chakudya chisanawonongeke

Firiji siuza munthu kuti ikudwala. Imangolira monga mwa masiku onse, nyale ya mkati n'kumayaka, pamene mkaka ndi nyama zikufunda pang'onopang'ono. Kawirikawiri vuto limayamba usiku kapena tsiku limene kuntchito kulibe munthu, ndipo wotsegula chitseko m'mawa amalandiridwa ndi fungo. Kachipangizo koyezera kutentha, kamene ambiri timangokatcha sensa, kamathetsa vutoli ngati katcheredwa bwino. Ndikunena kuti "ngati" chifukwa ndaona masensa ambiri ogulidwa ndi mtima wonse, omangiriridwa bwino m'firiji, amene sanapulumutse ngakhale kilogalamu imodzi ya nyama. Ena ankalira kakhumi pa tsiku mpaka eni ake anatopa nawo n'kuwatseka pakamwa. Ena sanalirepo n'kamodzi komwe, ngakhale usiku umene kompuresa, injini imene imaziziritsa firiji, inapsa. Cholinga chathu ndi alamu imene imalira mwa apo ndi apo, ndipo ikalira imapeza munthu amene amaikhulupirira n'kudzuka.

Choyamba, dziwani manambala amene mukuteteza

Chakudya chosachedwa kuwonongeka, monga nyama, nsomba, mkaka ndi zophikaphika, chizikhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku United States limalangiza madigiri 4, ndipo ku England lamulo limalola mpaka 8 ngakhale kuti amene amayang'anira zakudya kumeneko amalimbikitsa 5. Choncho funsani zimene malamulo a dziko lanu amanena, ndipo ngati mukukayika, tsatirani nambala yotsika. Firiza izikhala pa -18 kapena kuzizira kuposa apo. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotichedwetsa. Bakiteriya wotchedwa Listeria amapitirizabe kuswana ngakhale m'firiji yozizira bwino, ndipo amafulumira kwambiri digiri iliyonse ikawonjezeka. N'chifukwa chake kusiyana kwa 4 ndi 8 si nkhani yaing'ono.

Pali misampha iwiri ya manambala imene imakola ngakhale anthu odziwa ntchito. Woyamba ndi wa Celsius ndi Fahrenheit. Masensa ambiri amabwera atatcheredwa mu Fahrenheit, mmene 40 amatanthauza pafupifupi madigiri 4 a Celsius ndipo 0 amatanthauza pafupifupi -18. Mukalemba 5 makina ali mu Fahrenheit, mwawauza kuti azilira pa -15, ndipo firiji yabwinobwino idzalira usana ndi usiku. Yang'anani chilembo C kapena F musanalembe kalikonse. Manambala onse m'nkhani ino ndi a Celsius. Msampha wachiwiri ndi wa manambala a pansi pa ziro: -12 ndi wotentha kuposa -18. Pa firiza, malire a pamwamba ndi amene ali pafupi ndi ziro. Zimaoneka zosavuta mpaka tsiku limene mwasinthanitsa malire a pamwamba ndi a pansi muli ndi tulo.

Chachiwiri, yesani sensa isanalowe m'firiji

Musakhulupirire sensa chifukwa chongoti ndi yatsopano. Tengani kapu, idzazeni ndi madzi oundana ophwanyaphwanya, thiranimo madzi ozizira pang'ono ongokwanira kutseka mipata, takasani, n'kudikira mphindi zitatu kapena zisanu. Lowetsani nsonga ya sensa pakati, isakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala ikakhazikika iyenera kukhala 0. Ikasemphana ndi theka la digiri kapena digiri imodzi, mapulogalamu ambiri ali ndi malo olembamo kusiyanako kuti azikonza okha. Ikasemphana ndi madigiri awiri kapena atatu, ibwezeni kumene munaigula. Ngati sensa yanu ndi ya mtundu wosalowa m'madzi, yesani themometa ina m'kapu muja, kenako ikani ziwirizo pamodzi m'firiji kwa ola limodzi n'kuyerekeza. Lembani tsiku ndi zotsatira, ndipo muzibwereza kamodzi kapena kawiri pa chaka.

Chachitatu, sankhani malo

M'firiji imodzi muli nyengo zingapo. Pafupi ndi pamene pamatulukira mphepo yozizira m'pozizira kwambiri, pa chitseko ndi pa shelefu ya pamwamba m'pofunda. Sensa ikakhala moyang'anizana ndi fani, idzakuuzani kuti zonse zili bwino pamene chakudya cha pafupi ndi chitseko chikuvutika. Ikakhala pa chitseko penipeni, idzalira aliyense akangotsegula. Ine ndimaiika chapakati pa msinkhu wa firiji, cha kumbali yofundirapo, yotalikirana ndi khoma, nyale ndi fani, pamalo pamene sipangakwiriridwe ndi katundu. Imangirireni ku shelefu kuti wopukuta m'firiji asaisunthe. M'chipinda chachikulu chozizira sensa imodzi sikwanira: ikani ina pafupi ndi khomo ndi ina kumapeto.

Makoma a firiji ndi achitsulo, ndipo chitsulo chimatsekereza Wi-Fi ndi Bluetooth. Kuzizira nakonso kumamaliza mabatire msanga, makamaka mabatire wamba. A lithium amapirira bwino m'firiza. Njira imene ndimaikonda ndi ya sensa yokhala ndi waya: nsonga mkati, kabokosi kotumiza uthenga kunja. Dutsitsani wayayo pa labala wa chitseko cha kumbali ya mahinjesi, ndipo ngati n'kotheka akhale waya wophwatalala kuti asasiye mpata wolowera mphepo. Musaboole khoma la firiji. M'makomamo mumadutsa timapaipi ta gasi, ndipo mafiriji ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito R600a kapena R290, magasi amene amayaka moto.

Tsopano nkhani imene ambiri amaidumpha. Mphepo imasintha kutentha mofulumira, chakudya chimasintha pang'onopang'ono. Mukatsegula chitseko kwa mphindi imodzi, mphepo ya mkati ikhoza kukwera madigiri angapo pamene nyama ya pa shelefu sinamve n'komwe. Sensa yongolendewera m'mphepo imanena za mphepoyo, osati za chakudya. Kuti ifanane ndi chakudya, nsonga yake imaikidwa m'kabotolo ka propylene glycol, zamadzimadzi zosaundana msanga, kapena ka timikanda ta galasi, kapena ka mchenga wouma. Mukasankha glycol, onetsetsani dzina lake bwino: ethylene glycol ndi poizoni, sayenera kuyandikira chakudya. Madzi wamba angathandize m'firiji koma osati m'firiza, chifukwa akaundana amaswa botolo. Kabotolo kameneka kokha kamathetsa maalamu ambiri abodza.

Chachinayi, khalani sabata imodzi osatchera alamu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lumikizani sensa ku pulogalamu ya pafoni, iuzeni kuti izilemba kutentha mphindi zisanu zilizonse, kenako isiyeni igwire ntchito masiku asanu ndi awiri alamu ili yozimitsa. Pa sabata imeneyi pitirizani kuyeza ndi themometa ya pamanja m'mawa ndi madzulo monga kale. Pamene mukulumikiza, dziwani kuti masensa ambiri amamva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ndiye akakana kulumikizika, yambani mwayang'ana pamenepo. Mupatsenso sensa iliyonse dzina lomveka, monga "Firiza ya nyama, kumanzere". Uthenga wonena kuti "Sensa 3" pakati pa usiku suthandiza munthu.

Sabata ikatha, tsegulani galafu n'kuiwerenga mofatsa. Mudzaona mzere wokwera ndi kutsika ngati mano a sowo: imeneyo ndi kompuresa ikuyaka ndi kuzima, ndipo n'zabwinobwino. Mudzaona timapiri tosongoka pa nthawi ya ntchito yambiri, pamene chitseko chikutsegulidwa pafupipafupi, ndi phiri lalikulupo tsiku lolandira katundu. Kenako mudzaona mapiri ena obwera pa nthawi yofanana tsiku lililonse, mwina maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu alionse, ngakhale pakati pa usiku pamene palibe wotsegula. Pamenepo makina akusungunula chisanu chimene chimaundana pa timapaipi toziziritsa. Ntchitoyi kawirikawiri imatenga mphindi 20 mpaka 30, ndipo mphepo ya m'firiza ikhoza kukwera kwambiri chakudya chikadali gwa. Lembani zinthu ziwiri: phiri lalitali kwambiri linafika pa digiri yanji, ndipo linatenga mphindi zingati kuti litsike. Manambala awiriwa ndi amene atitsogolere.

Nthawi zina sabata imeneyi imaulula kuti firiji yokhayo ili ndi vuto, mwachitsanzo imakhala pa 7 tsiku lonse. Pamenepo musakweze malire a alamu kuti mubise manyazi. Tsitsani mulingo wa firiji, pukutani fumbi pa zitsulo zotayira kutentha, yang'anani labala wa chitseko, kapena itanani mmisiri.

Chachisanu, lembani malire ndi nthawi yodikira

Alamu iliyonse ili ndi mbali zitatu: malire, nthawi yodikira isanalire, ndi mpata woti kutentha kubwerere isanaleke kulira. Zonse zitatu zimayendera limodzi.

Ngati pulogalamu yanu ikulola, tcherani magawo awiri. Pa firiji imene mwaiika pa madigiri 3, chenjezo loyamba likhale pa 5 kwa mphindi 30, lobwera ngati uthenga wamba. Lachiwiri, la ngozi, likhale pa 8 kwa mphindi 10 kapena 15, lobwera ngati kuimba foni kapena kulira kwa belu. Pa firiza imene mwaiika pa -20, chenjezo likhale pa -15 kwa mphindi 30 mpaka 45, la ngozi pa -12. Awa ndi manambala oyambira chabe, amene ine ndimayambira. Galafu yanu ndi malamulo a kwanu ndi zimene zigamule. Nthawi yodikira ipose pang'ono kutalika kwa phiri la kusungunula chisanu lija. Ngati phirilo limatenga mphindi 25, dikirani 35. Koma musapitirire kwambiri. Malangizo a ku United States amati chakudya chosachedwa kuwonongeka chikakhala pamwamba pa madigiri 4 kwa maola oposa awiri chitayidwe, ndiye alamu yodikira ola lathunthu yakudyerani theka la nthawi yanu musanavale n'komwe nsapato. Werengeraninso ulendo: ngati mumatenga mphindi 40 kuti mufike pamalopo, nthawi yodikira ikhale yaifupi.

Ngati sensa ili m'kabotolo ka glycol, fupikitsani nthawi yodikira, mwina mphindi 10 kapena 15 zokha, chifukwa kabotolo kachedwetsa kale nkhani. Kuphatikiza kabotolo ndi kudikira kwautali n'kuchedwa kawiri.

Musaiwale malire a pansi. Firiji ikazizira mopitirira, masamba amapsa ndi chisanu, mazira amasweka, mabotolo amaphulika. Malire a 0 kapena 1 kwa mphindi 30 amakwanira. Pa firiza malire a pansi sateteza chakudya kwenikweni, koma amakuuzani kuti kompuresa yasiya kupuma, choncho -28 kapena -30 si zoipa.

Mpata wobwerera uja ukhale digiri imodzi kapena ziwiri. Popanda mpatawu, kutentha kukamasewera pa malire penipeni, 5.1 kenako 4.9 kenako 5.1, foni imalandira mauthenga makumi awiri pa ola. Ndi mpata wa digiri imodzi, alamu yolira pa 5 imaleka pokhapokha kutentha kutatsika kufika pa 4.

Mafiriji akuluakulu a malonda ali ndi kabokosi kowongolera kutentha pamwamba pa chitseko, ndipo nakonso kali ndi alamu yake. Pa mabokosi ambiri a kampani ya Dixell, malo olembedwa ALU ndi malire a pamwamba, ALL ndi a pansi, ALd ndi nthawi yodikira, ndipo dAO ndi nthawi imene alamu imakhala chete makina akangoyatsidwa. Pa a kampani ya Carel mupeza AH, AL ndi Ad m'malo mwa atatu oyambawo. Apa pali dzenje lina: malire akhoza kuwerengedwa ngati digiri yeniyeni kapena ngati kutalikirana ndi mulingo umene munaikira firiji. Pa Dixell chimasankha zimenezi ndi ALC, pa Carel ndi A1. Tiyerekeze firiza ili pa -20 ndipo mwalemba 5. Ngati bokosi likuwerenga motalikirana, lidzalira pa -15, zomwe n'zabwino. Ngati likuwerenga digiri yeniyeni, lidzadikira mpaka +5, nyama itasungunuka kale. Tsegulani kabuku ka mtundu wanu weniweniwo, ndipo jambulani manambala akale musanasinthe chilichonse.

Chachisanu ndi chimodzi, tcherani alamu ya chete

Ili ndi phunziro limene ndinalipeza mowawa. Ndinatchera zonse bwino pa firiza ina, malire abwino, nthawi yodikira yabwino. Usiku wina magetsi anazima mbali ya nyumba imene munali firizayo. Rauta ya Wi-Fi inali pa waya womwewo, ndiye inazima nayo limodzi. Sensa inaona kutentha kukukwera, inayesa kutumiza uthenga, koma njira inali itatsekeka. Foni yanga inagona phee, ine n'kumaganiza kuti chete ameneyo ndi mtendere. M'mawa ndinapeza madzi ofiira atayenderera pansi.

Choncho fufuzani m'pulogalamu malo onena kuti sensa yasiya kulankhula, ndipo yatsani chenjezo limeneli kuti lizibwera pakapita mphindi 15 mpaka 30 popanda nambala yatsopano. Uthenga umenewu uyenera kuchokera ku makompyuta a kampani ya sensayo pa intaneti, osati ku kachipangizo ka pamalopo, chifukwa kachipangizo kozima sikangadzinenere. Lumikizani rauta ku batire losungira magetsi, kapena sankhani makina okhala ndi SIM ndi batire lawolawo. Yatsaninso chenjezo la batire lotsala pang'ono kutha, la kuzima kwa magetsi ngati lilipo, ndi la chitseko chosiyidwa chotsegula kwa mphindi zoposa zitatu kapena zisanu.

Chachisanu ndi chiwiri, uthenga upite kwa ndani

Imelo ndi yabwino posunga mbiri, koma sidzutsa munthu. Chenjezo la ngozi lipite pa SMS kapena pa kuimba foni. Mutu umodzi susenza denga, ndiye musatumize kwa munthu mmodzi yekha; komanso musatumize kwa onse nthawi imodzi, chifukwa aliyense adzaganiza kuti mnzake wapita kale. Konzani mndandanda: uthenga uyambe kwa amene ali pa ntchito kapena amakhala pafupi, pakapita mphindi 10 osavomera upite kwa woyang'anira, pakapitanso mphindi 10 upite kwa mwini wake. Uzibwereza mphindi 15 zilizonse mpaka wina atadina kuti waumva. Amene ali pa mndandanda akhale ndi makiyi, nambala ya mmisiri, ndi chilolezo chosuntha kapena kutaya chakudya. Wantchito akasiya ntchito, chotsani nambala yake tsiku lomwelo.

Tengani foni ya aliyense wa iwo m'manja mwanu n'kuyang'ana zinthu ziwiri. Mafoni ambiri amatseka mauthenga usiku kuti mwini wake agone bwino; lolani pulogalamu ya sensa ndi nambala yotumiza alamu kuti zizidutsa. Mafoni a Android amagonekanso mapulogalamu pofuna kusunga batire. Chotsani pulogalamuyi pa gulu la zogonekedwa. Ipatseni kalilidwe kakekake kosiyana ndi mauthenga ena onse.

Chachisanu ndi chitatu, yesani ngati ngozi yeniyeni

Batani loti "tumizani uthenga woyesa" limangosonyeza kuti nambala ya foni ndi yolondola. Silitsimikizira kuti malire anu akugwira. Tulutsani sensa m'firiji, iikeni pa tebulo, yang'anani wotchi. Uthenga ufike nthawi yodikira ikangokwana. Musauvomere dala, muone ngati upite kwa munthu wachiwiri ndi wachitatu. Bwezerani sensa mkati, muone ngati alamu ileke pa digiri imene munalemba. Kenako zimitsani rauta kwa theka la ola kuti muyese alamu ya chete ija. Kamodzi kokha chitani zimenezi usiku, anthu mutawachenjeza kuti sabata ino kubwera mayeso koma osawauza tsiku. Bwerezani mwezi uliwonse, komanso mukasintha foni, rauta kapena mawu achinsinsi a Wi-Fi.

M'masabata oyamba werengani maalamu onse amene abwera. Iliyonse yabodza ifufuzidwe gwero lake: mwina sensa yasunthidwa, mwina wina amaika mphika wotentha pafupi nayo, mwina nthawi yodikira yafupika ndi mphindi zisanu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Polandira katundu kapena potsuka firiji, gwiritsani ntchito batani lotontholetsa kwa nthawi yoikika, monga ola limodzi, limene limadzibwezera lokha. Musazimitsiretu alamu n'kumati mukumbukira kuiyatsa.

Ikalira

Matani pepala pa chitseko cha firiji lonena zochita, kuti wofika ndi tulo m'maso asayambe kuganiza kuchokera pa chiyambi. Ayang'ane kaye zosavuta: chitseko chatsekeka, pulagi ili m'malo, magetsi alipo, fani ikuzungulira, katundu sanatseke njira ya mphepo. Kenako ayeze chakudya chenichenicho ndi themometa ya pamanja yoyera, pobaya pakati kapena poipanikiza pakati pa mapaketi awiri, ndipo aone pa galafu kuti kutentha kunadutsa malire nthawi yanji. Ngati magetsi azima, asatsegule chitseko mwachisawawa: firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, firiza yodzaza pafupifupi maola 48, yodzaza theka pafupifupi maola 24. Ngati makina afa, chakudya chisamutsidwe kupita ku firiji ina kapena m'mabokosi a madzi oundana, kuyambira nyama, nsomba ndi mkaka. Cha m'firiza chimene chikadali ndi timiyala ta chisanu mkati, kapena chikadali pa madigiri 4 kutsika pansi, chikhoza kubwezeredwa m'firiza ngakhale kukoma kwake kungachepe. Chimene chakhala pofunda kupitirira nthawi yololedwa chitayidwe, ndipo wina asachilawe kuti aone ngati chili bwino, chifukwa tizilombo todwalitsa kawirikawiri sitisintha fungo kapena kakomedwe. Pomaliza alembe m'buku nthawi imene alamu inalira, digiri imene anapeza, zimene anachita, ndi chakudya chimene anasamutsa kapena kutaya, n'kusaina.